Chipinda cha kuseri kwa tchalitchi: zolemba za mlembi

6 Febuluwale

Komiti yandisankha kukhala mlembi, ndiye ndizilemba muno momwe ntchito ikuyendera, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti amene akutithandiza azidziwa kumene thandizo lawo likupita, ndiponso kuti ife eni ake tisadzakanirane zimene tinagwirizana.

Chiyambi chake n'chochititsa manyazi. Mwezi watha, usiku wa mvula, bambo wina anausa pakhonde la tchalitchi chathu, ndipo mlonda anamuthamangitsa. Mlondayo sindikumuimba mlandu. Lamulo loti pakhonde pasamagone munthu tinaika ndife, zitabedwa zokuzira mawu. Iye mwini ndiye anakaulula kwa abusa mtima utamuvuta. Akuti munthuyo sanalimbane naye, anangotola kachikwama kake n'kufunsa kuti, "Nanga ndilowere kuti, achimwene?" Mlonda anasowa yankho. Ifenso titamva nkhaniyi tinangoyang'anana.

Tilipo asanu ndi awiri. Abusa aseka kuti nambala yathu ndi ya pa Machitidwe 6, paja mpingo woyamba unasankha anthu asanu ndi awiri kuti aziyang'anira zogawira amasiye. Chimene tikufuna ndi chaching'ono: chipinda chosungiramo katundu chimene chili kuseri kwa tchalitchi chisanduke malo oti munthu wosowa kogona, amene sitikumudziwa, agonemo.

Amsungichuma afunsa funso limene aliyense anali nalo kukhosi: "Tidziwa bwanji kuti amene wabwerayo ndi wovutikadi osati wakuba?" Palibe anayankha. Ine m'mtima ndinaona kuti funsoli ndi lapachibale ndi la wachilamulo uja wa pa Luka 10:29, loti mnansi wanga ndani, funso lofuna kudziwiratu pomwe pali malire. Koma sindinanene, chifukwa amsungichuma ndi amene anathamanga kupolisi tsiku limene tinaberedwa, ine ndili mtulo.

15 Febuluwale

Tatulutsa katundu. Mabenchi othyoka asanu ndi limodzi, ng'oma yobooka ya kwaya, ndi mabuku a nyimbo amene chiswe chinadya mpaka kusiya zikuto zokha. Denga likudontha pakona ya kumanja. Zenera lilibe galasi limodzi. Mkulu wa mpingo amene ndi kalipentala wati m'mabenchi othyokawo mutuluka mabedi awiri.

1 Malichi

Msonkhano wa malamulo watenga maola atatu, ndipo pena mawu anakwera.

Ine ndinkaganiza kuti kuikira mlendo malamulo n'kuchepetsa chifundo. Abusa anandiwongola. Anatiuza za kabuku kakale ka mpingo kotchedwa Didache, kolembedwa chakumapeto kwa zaka 100 zoyambirira za Chikhristu kapena kuchiyambi kwa zotsatira zake. Mutu 12 wa kabukuka umati wapaulendo mumuthandize momwe mungathere, koma asakhale kuposa masiku awiri kapena atatu, ndipo ngati akufuna kukhazikika ali ndi luso, azigwira ntchito kuti adye. Ndiye kuti Akhristu oyambirira aja, amene timawayesa angelo, anakumanapo nawo anthu odyera masuku pamutu, ndipo sanatseke chitseko, anangoika malire a masiku. Amsungichuma nkhope inawala. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti mantha awo si kusakhulupirira Mulungu.

Abusa anatchulanso malamulo amene Benedict analembera amonke ake ku Italy m'zaka za m'ma 500. Mutu 53 ndi wodziwika, woti mlendo aliyense alandiridwe ngati Khristu, potengera Mateyu 25:35. Koma chimene chandikhalira m'mutu ndi mutu 66, wonena za wapachipata: akhale munthu wachikulire wanzeru, wodziwa kulandira uthenga ndi kuyankha, ndipo chipinda chake chikhale pafupi ndi khomo kuti wobwera azipeza womuyankha nthawi zonse. Munthu ameneyu anaganizira mpaka za pomwe wotsegula chitseko azigona. Analamulanso kuti khitchini ya alendo ikhale payokha, poti alendo amafika nthawi zosayembekezeka ndipo asamasokoneze nyumba yonse.

Tagwirizana izi. Mlendo agona usiku utatu. Sitifunsa mpingo wake kapena ngati amapemphera, ndipo sitimukakamiza kulowa m'mapemphero athu. Pa mfundo iyi mayi wina anatsutsa kwambiri, amvekere, "Ndiye tikhala tikusiyana pati ndi nyumba yogona alendo wamba?" Abusa anayankha kuti Msamariya sanalalikire munthu wovulala uja, anamuthira mafuta ndi vinyo pamabala basi. Mayiwo anavomera monyinyirika. Ndalama m'manja sitipereka. Ngati munthu akufunika ulendo, mmodzi wa ife amuperekeza n'kulipira yekha. Polandira mlendo tizikhala awiri. Amuna ndi akazi osadziwana sagona limodzi, ndiye ngati m'chipinda muli kale mayi, bambo wobwera pambuyo agona m'kachipinda ka mlonda. Mwana woyenda yekha sitimusunga mwakachetechete, tidziwitsa apolisi ndi a zachisamaliro cha ana nthawi yomweyo. Dzina la mlendo lizilembedwa m'kaundula, koma muno sindizitchula dzina la aliyense.

20 Malichi

Denga lakonzedwa, galasi laikidwa. Talandira matiresi awiri, mabulangete anayi, ndowa, beseni, tochi ndi sopo. Kiyi ndi mmodzi, ndipo ali ndi ine.

2 Epulo

Mlendo woyamba. Mayi wa mwana kumsana, amene namwino wina wa mumpingo mwathu anamupeza atakhala panja pa chipatala dzuwa litalowa. Anabwera kuchokera kutali kudzadwazika mwamuna wake, mwamunayo anamwalira, ndalama zinathera pa matenda, ndipo achibale anali asanafike.

Ndinadzikonzekeretsa ndi mawu ambiri achitonthozo, koma palibe ndi limodzi lomwe limene linagwira ntchito. Titamulowetsa anaima pakhomo kuyang'ana bedi lija, kenako anavula nsapato n'kuziika panja mwaulemu, ngati akulowa m'nyumba ya bwana. Anagoneka mwana pabedi, iye n'kukhala pansi atatsamira khoma. Mnzanga amene tinali naye, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, sanamuuze kuti akwere pabedi. Anangokhala naye pansi pomwepo, miyendo atatambasula, osanena kanthu. Ine ndinaima ndi kaundula m'manja ngati wolemba mayeso, mpaka mayiwo anandiyang'ana ndi diso lakuti tulukani. Ndinatuluka. Patapita kanthawi ndinamva kulira, koyamba kotsika, kenako kwamphamvu. Namwino anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lonse kuchipatala kuja mayiyo sanagwetse msozi.

Wachoka m'mawa wa tsiku lachitatu, achimwene ake atabwera. Wasiya chipinda atasesa, bulangete atalipinda bwino kuposa momwe analipezera. Dzina lake ndinalemba atapita, nditafunsa namwino.

19 Epulo

Lero ndilemba za kulakwa kwanga.

Lachitatu usiku ndinali kutsogolera mapemphero kunyumba kwa mkhristu mnzathu, foni nditazimitsa monga timachitira. Mnyamata wina anafika patchalitchi, ataberedwa chikwama paulendo, alibe foni kapena chiphaso. Mlonda anandiimbira kanayi. Anaimbira abusa, koma abusa alibe kiyi. Mnyamatayo anadikira pafupifupi maola awiri, kenako anati asavutitse anthu, n'kumapita. Nditayatsa foni ndinathamanga, koma ndinapeza mlonda yekha. Sananene zambiri. Anangoti, "Bambo, kawiri tsopano." Kumene mnyamatayo anagona sitikudziwa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mutu wa mapemphero aja unali wa kuchereza alendo, Ahebri 13:2.

Mtsikana wa m'komiti mwathu amene amaphunzira ku yunivesite anandiuza za kafukufuku amene John Darley ndi Daniel Batson anasindikiza mu 1973. Anatenga ophunzira zaubusa ku sukulu ya zaubusa ya Princeton Theological Seminary ku America n'kuwatuma mmodzimmodzi kuti apite kunyumba ina kukakamba nkhani, ena mwa iwo nkhani yake ya Msamariya wachifundo yomweyo. Panjira anaikapo munthu wodzigwetsa, akutsokomola ndi kubuula. Ena anauzidwa kuti achedwa kale, ena kuti nthawi ilipo. Mwa amene anali ndi nthawi, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, anaima ndi 10 okha pa 100 alionse, ndipo panali ena amene anachita kumudumpha munthuyo akupita kukakamba za Msamariya. Mutu wa nkhani imene munthu ananyamula sunasinthe zinthu kwenikweni. Changu ndiye chinasintha.

Mtsikanayo ankafuna kunditonthoza, koma ine ndinamva ngati wandiloza chala. Kuyambira ku Sande sukulu takhala tikuwaona wansembe ndi Mlevi ngati anthu ouma mtima. Mwina anali chabe anthu otanganidwa ndi za Mulungu, ngati ine Lachitatu lija.

Tadulitsa makiyi ena atatu. Mmodzi azikhala ndi mlonda usiku uliwonse. Mu Malichi tinakana zimenezi poopa kuti tikumusenzetsa udindo woposa malipiro ake, koma zoona zake n'zakuti sitinkamukhulupirira mokwanira, munthu amene chikumbumtima chake ndicho chinayambitsa ntchito yonseyi. Benedict anatiuza za wapachipata, ife tinangogwedeza mitu. Tapanganso ndandanda: sabata iliyonse anthu awiri foni zawo zisazime, kaya ali m'mapemphero kaya pamaliro.

10 Meyi

Alendo atatu m'masabata atatu, onse a usiku umodzi. Palibe chovuta. Sopo watha.

24 Meyi

Taberedwa. Bambo amene anagona Lolemba wachoka mbandakucha ndi mabulangete awiri, tochi ndi loko wa pachitseko. Anali wolankhula bwino, ndipo madzulo ake anapempha yekha kuti tipemphere naye.

Pamsonkhano amsungichuma sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale kuti akanatha kutero. Amene anakwiya kwambiri ndi kalipentala uja. Anati iye anathera masiku ake anayi pa mabedi aja osalandira kanthu, ndipo sangamatumikire anthu omuseka kumbali. Wina anati tizilandira okhawo obwera ndi kalata ya mpingo wawo. Pamenepo ndinalankhula, mwina mokweza kuposa moyenera. Ndinati munthu wa kalata si mlendo, ndi mnzathu amene sitinakumane naye chabe. Wa pamsewu wa ku Yeriko anamuvula zovala n'kumusiya ali pafupi kufa, ndiye panalibe chomuzindikiritsa, kaya chovala kaya kalankhulidwe, kuti ndi wa mtundu uti. Levitiko 19:33 ndi 34 sanena za mlendo wodziwika bwino, amati mlendo wokhala pakati panu mumukonde monga mudzikondera nokha, poti inunso munali alendo ku Ejipito.

Abusa anawonjezera nkhani imene sindinkaidziwa. Mu 362 mfumu ya Roma Julian, amene anasiya Chikhristu n'kufuna kubwezeretsa milungu yakale, analembera Arsacius, mkulu wa ansembe achikunja ku Galatiya, kudandaula kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi osauka a anthu achikunja omwe. Analamula kuti m'mizinda mumangidwe nyumba za alendo kuti apikisane nawo. Mdani wa mpingo anaona kuti mphamvu ya Akhristu inali pa kuthandiza anthu amene si awo.

Tinavota. Anayi akuti tipitirize monga kale, atatu akuti pakhale kalata. Kalipentala watula pansi udindo. Sindikumuweruza, ndipo mabedi ake akadali olimba. Tatsala asanu ndi mmodzi. Chimene tasintha n'chakuti tochi izikhala ndi mlonda, ndipo m'chipinda muzikhala bulangete limodzi pa munthu mmodzi. Za bambo uja, nyengo yozizira yayandikira, ndipo sindikudziwa ngati mabulangetewo anagulitsa kapena akufunda. Ndayesa kudziuza kuti akufunda, koma loko uja sangafunde.

28 Juni

Sindinalembe kwa mwezi wathunthu chifukwa cha agogo amene anachoka dzulo. Akhala nafe masiku khumi ndi anayi. Lamulo la usiku utatu lathyoka, ndipo tinalithyola tikuona.

Anawabweretsa ndi woyendetsa galimoto wina amene sitikumudziwa. Anawapeza m'mbali mwa msewu akulephera kuyenda, anawanyamula, anapita nawo kuchipatala kumene anawatsuka chilonda cha pamwendo n'kuwapatsa mankhwala, kenako atamva za chipinda chathu anadzawatula. Anasiya kandalama kwa mlonda, anati adzadutsanso, n'kupita. Zonsezi zinamutengera mwina maola atatu. Tonse tinamuyamikira, ndipo n'zoona anachita chinthu chachikulu, poti ambiri anadutsa pamsewu womwewo.

Koma m'mawa mwake chilonda chinafunika kutsukidwanso. Ndi mawa lake, ndi mkuja. Agogowo sankatha kufika kuchimbudzi okha. Ndowa inkafunika kutaya, zofunda kuchapa, ndipo fungo la chilonda linkakhala m'mphuno ngakhale utafika kwanu. Namwino anatiphunzitsa kuvala magolovesi, kutsuka kuchokera pakati pa bala kupita kunja, ndi kuzindikira ngati kufiira kukufalikira kuti tibwerere nawo kuchipatala msanga. Tsiku loyamba ndinatuluka panja kukapuma mpweya kawiri. Agogowo sanali munthu wofewa. Ankakalipa, ankakana mankhwala, ndipo tsiku lina anamunena mayi wathu wachikulire uja kuti wawabera chipewa, chipewacho ali atachikhalira. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri anthu a pandandanda anayamba kudwala mitu ndi kukhala ndi maulendo adzidzidzi. Ntchito inatsalira anthu atatu: mayiwo, mlonda, ndi amsungichuma, amene ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kutaya ndowa, osauza munthu. Ndinadziwa chifukwa ndinawapeza.

M'masiku amenewa ndinawerenganso Luka 10, ndipo maso anga anagwera pa munthu amene sindinamvepo ulaliki wonena za iye: mwini nyumba ya alendo. Msewu wochokera ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko ndi wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita pafupifupi 1,000 kudutsa m'chipululu, ndipo Msamariya anali ndi ulendo wake woti apitirize. Anagona usiku umodzi, m'mawa anatulutsa madinari awiri, amene malinga ndi Mateyu 20:2 ndi malipiro a masiku awiri a waganyu, n'kunena kuti msamalireni, zoonjezera ndidzabweza pobwera. Kenako anapita. Munthu wotsala pang'ono kufa sachira usiku umodzi. Amene anasintha nsalu za pamabala, kumudyetsa, kumutembenuza ndi kupirira kubuula kwake usiku, anali wotsalayo, atangogwira lonjezo la munthu wachilendo loti adzabwera. Ife tinayamba ntchitoyi tonse tikudziona ngati Asamariya. Palibe anadzipereka kukhala mwini nyumba, chonsecho chipinda chikatsegulidwa udindo umene ulipo ndi umenewo.

Akale anazidziwa izi. Njala itagwa ku Caesarea wa ku Cappadocia cha mu 369, Basil, mtsogoleri wa mpingo kumeneko, sanalekere pa kugawa chakudya. Anamanga kunja kwa mzindawo malo okhala ndi nyumba za alendo, za odwala ndi za akhate, n'kuikamo anthu oti azisamalira odwalawo tsiku ndi tsiku, mpaka mnzake Gregory wa ku Nazianzus anawatcha malowo mzinda watsopano. Ku Rome, mayi wolemera Fabiola, amene anamwalira mu 399, anatsegula nyumba ya odwala, ndipo Jerome, mlembi wachikhristu wa nthawiyo, analemba kuti mayiyu ankanyamula yekha odwala ndi kutsuka mabala amene ena sankatha n'kuwayang'ana komwe. Kale ndikamva zoterezi ndinkangoti anali oyera mtima. Tsopano ndimaganiza za ndowa, kuti ankataya ndani, ndipo wotayayo akadwala ankalowa m'malo ndani.

Achibale a agogowo tinawapeza kudzera kwa a zachisamaliro cha anthu, patatha masiku khumi akufufuza. Mdzukulu wawo anabwera dzulo. Agogowo potsanzika sanathokoze aliyense kupatula mlonda, amene anamugwira dzanja nthawi yaitali n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, umete ndevuzo." Woyendetsa galimoto uja sanadutsenso. Mwina adzadutsa.

12 Julayi

Msonkhano wa theka la chaka. M'kaundula muli mayina khumi ndi limodzi. Amene tinawaphonya ndi mmodzi amene tikumudziwa.

Lamulo la usiku utatu likhalapobe, koma tawonjezera kuti wodwala amene sangathe kuyenda akhala mpaka titapeza kwawo kapena malo ena omusamalira, ndipo pa nthawi yotero komiti izikumana masiku atatu alionse. Ndandanda tayigawa pawiri: olandira usiku, ndi osamalira masana. Gulu lachiwirili ndi limene likusowa anthu. Titalengeza m'tchalitchi za olandira alendo anaimika manja anthu khumi ndi awiri. Titalengeza za kuchapa ndi kutaya ndowa anaimika atatu, ndipo awiri mwa iwo ndi amene akuchita kale. Tapempha abusa kuti Lamulungu likudzali alalikire za mwini nyumba ya alendo. Ati aganizira, poti mavesi ake ndi awiri okha.

Mlonda tamuonjezera malipiro, ndipo tsopano ndi membala wa komiti. Amsungichuma ndi amene anapereka ganizoli. Tabwereranso pa asanu ndi awiri.

Zofunika mwezi uno: mabulangete awiri, pulasitiki yoyala pamatiresi, magolovesi, ndi ndodo yoyendera. Mwendo umodzi wa bedi la kuzenera wayamba kugwedera. Ndinakumana ndi kalipentala uja potuluka m'tchalitchi n'kumuuza. Anati iye za komiti anasiya, ndipo sabwerera. Kenako anafunsa kuti ndi mwendo uti, wakumutu kapena wakumiyendo, ndipo ati abwera Lachinayi ndi misomali.